Lipoti la pa Chulu

Anatipatsa matabuleti tsiku Lachinayi,
m'holo ya ku boma, magetsi atazima,
a Mtewa atavala jekete ndi dzuwa la Okutobala lija.
Anati, "Lero tafupikitsa mtunda.
Mawu anu azichoka ku Katuli
n'kufika pa desiki langa musanameze malovu."
Tinaomba m'manja. Tinasayinira alawansi.
Ine yanga ndinaikulunga m'chitenje cha mkazi wanga
ngati khanda lotuluka kumene m'chipatala.

Sanatiuze kuti kwathu kuno netiweki ndi mlendo wamanyazi,
amangoima pa chulu cha kuseri kwa mzikiti.
Ukapendekera kum'mawa pang'ono
foni imakulonjera m'Chipwitikizi,
Mozambiki yakulandira usanaponde malire,
mayunitsi n'kuphwa ngati madzi a m'khwawa.

Choncho Lachisanu lililonse tikatuluka koswali,
ine Ajibu Chindamba, mlangizi wa zaumoyo,
ndimakwera chulu, mkono m'mwamba
ngati mwana wa sukulu wodziwa yankho
amene aphunzitsi akumulambalala dala.

Fomu imafunsa: otsegula m'mimba angati?
Ndimalemba khumi ndi mmodzi.
Mijigo yogwira ntchito ingati? Ndimalemba ziro.
Palibe kabokosi kolembamo kuti wachitatu uja
ndi Shakira, mwana wa a Mwanaisha,
amene amanditchula kuti ankolo a katemera,
kapena kuti amayi abwerera kudambo
kukatunga madzi pamene ng'ombe zimamwera.
Kampira kamazungulira, kamazungulira,
kenako: Zalandiridwa. Zikomo.

Wazilandira ndani?
Ndikadamudziwa dzina ndikadamupatsako moni.

Kale Che Mdoka, mesenjala, ankabwera pa njinga yakapalasa,
kalata ili m'thumba la khaki.
Ankachedwa milungu iwiri, inde,
koma ankakhala pakhonde, kupukuta thukuta, kufunsa odwala,
n'kubwerera ku boma ndi nkhope zathu m'maso mwawo.
Lero mawu amathamanga kuposa mphenzi
n'kukagona m'mimba mwa kompyuta
yomwe nambala yake yachinsinsi
inapita ndi bwana amene anasamutsidwa chaka chatha.

Pa gulu la pa foni tilipo anthu makumi anayi.
Ndinajambula mjigo, khosi lili pansi.
Timizere tiwiri tija tinasanduka tabuluu.
Wina anaimika chala chachikulu.
Wina anatumiza vesi la m'mawa.
A Mtewa anatumiza chithunzi chawo akudula riboni.

Shakira tinamuika m'manda Lolemba.
Za zimenezo, fomu inali nako kabokosi.

Yankho linafika patatha mwezi, ndili pa chulu pomwepo:
Mukuitanidwa ku msonkhano wa masiku atatu
wokambirana njira zolimbikitsira kulumikizana.
Mubwere ndi tabuleti yotchaja.

Ndabwera.
Ndakwera matola usiku, tambala asanalire,
ndatsika makhota a Chowe mtima uli m'khosi,
ndawoloka mlatho wa pa Shire, ndadutsa nsanja ya wotchi.
Tabuleti ili m'chikwama, yodzadza moto, monga munanenera.
Koma paphewa ndasenza ndodo ya mjigo,
yachitsulo, yothyoka, yadzimbiri,
mpaka mlonda wa pageti wandifunsa ngati ndabwera kudzamenya munthu.
Ndamuuza kuti ayi, achimwene, ili ndi lipoti.

Ikakwana nthawi yoti aliyense aimirire,
atchule dzina ndi kumene wachokera,
ndiigoneka pa tebulo la nsalu yoyera lija,
pakati pa mabotolo a madzi ogula
ndi kamakina koonetsa zithunzi pakhoma.
Sindinena zambiri.
Nditchula Katuli, nditchula Shakira, ndisiya manja.

Chitsulo chikagwa pa thabwa
sichidikira netiweki.