Mbale Zitatu kwa Bambo Vondrášek

Sitolo yawo ili pansi pa msewu, ku Brno,
masitepe khumi ndi anayi kutsika,
fungo la makatoni onyowa ndi khofi wa dzulo.
Ndinalowa ndi chipale chofewa ku nsapato.
Ndinati, Ndikufuna Misa ya maliro,
ija ya kwaya yaikulu ndi malipenga.
Mwambo uli Lachisanu.

Bambo Vondrášek sanapepese.
Anapukuta magalasi ndi nsonga ya juzi
n'kusolola mbale zitatu pa shelefu:
nyimbo imodzimodzi, makosi osiyana.

Yoyambayi, iwo anati, ndi imene amagula madokotala.
Singano inatera.
Mavayolini makumi anayi akupuma ngati munthu mmodzi,
popanda chifuwa, popanda mpando wolira,
masopulano oyera mbee ngati nsalu za m'chipatala.
Wotsogolera wake amathamanga
ngati wasiya mkaka pamoto.
Ndinamvera mpaka pamene malipenga amalowa
ndipo ndinapezeka ndikuganiza za bilu ya magetsi.

Yachiwiri ndi yakale kuposa ine.
Imathetheka ngati mafuta m'chiwaya.
Nkhalamba imene inkagwedeza kamtengo pamenepo
imakoka mzere uliwonse mpaka mabesi kutha mpweya.
Bambo Vondrášek anatsinzina,
dzanja likusambira m'malere.
Imvani apa, apa pokha,
mmene ng'oma ikudikirira. Ena onse amapupuluma.
Zaka makumi atatu ndinakangana ndi mlamu wanga za malo amenewa,
anachita kumwalira asanavomere.
Ndinamva. Inandigwira pakhosi, sindikana.

Nanga iyo?

Iyi musatayirepo ndalama.
Chikuto chotuwa, chithunzi chosaoneka nkhope.
Kwaya ya antchito a kufakitale ya nsalu.
Anajambulira m'tchalitchi chopanda moto mwezi wa Febuluwale,
limba lili ndi chimfine,
wa lipenga akuterereka kawiri,
ndiye m'gawo lachitatu muli mayi wina wa aluto
amene amalowa msanga, yekhayekha,
anzake asanatsegule n'pakamwa pomwe.
Chaka chilichonse ndimaitsitsa mtengo.

Ndinati, Ikani gawo lachitatulo.

Singano inakanda. Wina anatsokomola kumbuyo.
Matena anatsika pang'onopang'ono, kenaka zii,
ndiye mawu aja,
kamphindi kochepa ngati kuphethira,
okhaokha m'tchalitchi chonse chozizira
asanamizidwe ndi anzawo.

Mwamva? anatero akuseka.
Cholakwa chotere n'kuchisiya pa mbale!

Ndinamva.
Ndakhala ndikuwamva moyo wanga wonse
akuyankha funso lisanathe,
akuimirira pakhomo la tramu isanaime,
akufika pa siteshoni ola lathunthu sitima isanabwere.
Mawu omwewo ankatsika kuchokera pa zenera la nsanjika yachinayi,
Zdislava, msuzi ukuzizira,
msuziwo usanaphulidwe n'komwe.
Ankatiuza kuti tsiku limenelo analira njira yonse
ndipo mbale yawo anakaiponya mu mtsinje wa Svratka.
Ife tinkayesa nthabwala.

Mlongo wanga Radomír anandilangiza pa foni:
gula yabwino koposa, kudzabwera anthu.

Ndinafunsa mtengo. Makorona makumi anayi,
osakwana ndi kapu ya khofi pamwamba paja.
Bambo Vondrášek anandiyang'ana pamwamba pa magalasi,
anayang'ananso chikuto chija, mzere wachiwiri wa nkhope zofufutika,
ndipo kuseka kunawathera.
Anaikulunga m'pepala mosamala kuposa mtengo wake.

Ndinagulanso yachiwiri,
chifukwa cha ng'oma yodikira ija
ndi chifukwa cha mlamu wawo.
Ya madokotala inabwerera pa shelefu.

Za Lachisanu sindinaganize bwino.
Amayi akanakwiya, ndikudziwa,
kuti manyazi awo amveke pamaso pa abusa ndi aneba.
Ndakhala mu tramu, zonse ziwiri m'kati mwa jasi,
ndipo ndaimirira kale pakhomo
kudakali masiteji awiri.