Mlonda wa Tulo

Mwandida, makilo khumi ndi anayi.
Ndawerengera kawiri: mankhwala a tulo
sakhululukira wophonya masamu.

Mayi ake analawira pa tekisi ya ku Rosettenville.
Atamva lilime langa anandikoka mkono:
"Kani ndinu a kwathu? Akuti amung'amba ndi loboti.
Nanga lobotiyo ikudziwa kuti mwana ndi yekhayu?"
Yankho linandiuma pakhosi.
Ndinangouza mwana, uzira chibaluni ichi, tiwerenge.
Anafika pa folo.

Tsopano bedi talipendeketsa, mutu kumunsi,
kamimba takapopa mpweya, kali ndendende.
Mikono inayi yachitsulo yamuweramira.
Dokotala Sithebe ali uko pakona, nsapato wavula,
nkhope wabisa m'bokosi, zala zikusokera patali.
Onse maso ali pa impso ya pa kanema.
Ine anditsalira kakhutu,
chala chimodzi chowala psuu,
ndi mapapo awiri opanikizika
amene ndikuwapumira.

Kunja bingu la Novembala likugubuduka pa Parktown.
Muno nambala yatsika. Yatsikanso.
"Taimani kaye."
Chitsulo chaima chilili, sichifunsa chifukwa.
Ndifinya thumba la mpweya. Ndifinyanso.
Nambala iyamba kukwera
ngati mayi wa katundu pa masitepe a ku Hillbrow
tsiku limene lifiti yafa.

Dzuwa litapendeka ndimasula tulo
mfundo imodzi imodzi.
Zikope zigwedera. Akhosomola, akwinya nkhope,
andiyang'ana ngati ndamubera kanthu,
nanena ndi mawu osasa:
"Faifi."