Chimene Chikafike

Folo koloko m'bandakucha ku Limerick,
mvula ikunyambita zenera la chipinda cha nambala naini.
Ndakhala pa kampando ka pulasitiki,
foni kumanja, kudikira kuti yuro inenepe.

Dzulo inali ndi mnofu.
Lero yaonda ngati yagona ndi njala.
Amene amaidyetsa ndi kuimana sindinamuonepo,
koma mwezi uliwonse amapisa m'mbale yanga.

Kubanki ya pakona
mtsikana wa zikhadabo zofiira anamwetulira:
"Kutumiza ndi mayuro khumi ndi asanu basi."
Basi!
Za kamsonkho kena kobisala mu reti
ngati nankafumbwe m'thumba la chimanga, sananene.
Ndinamvera kwa Enelesi:
"Achemwali, zafika, koma zafika zowonda."

Khumi ndi asanuwo ndi ola lathunthu
ndikutembenuza Bambo Considine pabedi,
kuwapukuta, kuwadzoza mafuta kumsana,
iwo akundiitana ndi dzina la mkazi wawo
amene anagona kale kuseri kwa tchalitchi.

Kenako kunabwera Chikakwiya wa ku Dublin,
wa jekete lachikopa ndi malonje aatali:
"Ndipatseni mayuro kuno,
mphwanga apereka makwacha uko.
Wakumudzi sadyera wakumudzi."
Miyezi itatu zinayenda myaa.
Mwezi wachinayi foni yake inayamba kuyankhidwa
ndi mayi wa m'makina, waulemu, wosatopa.
Mazana atatu. Fizi ya Msaiwale, teremu yachiwiri.
Ndinakalirira m'bafa, mpopi nditatsegula
kuti mwini nyumba asamve.

Anandiphunzitsa ndi Jincy wa ku Kerala,
pa nthawi ya tiyi, nsapato atavula:
"Usamayang'ane chimene akudula.
Uziyang'ana chimene chikafike."
M'foni mwake muli timisika titatu,
amayendamo ngati akusankha tomato,
uyu wafinya, uyu wabweza, uyu watenga.
"Loweruka usatumize, reti imagona.
Ndipo tumiza kamodzi, osati kadontho kadontho,
khomo lililonse lili ndi mlonda wake."
Zaka khumi ndi zinayi akutumiza.
Nyumba anamanga, anangoiona pa chithunzi.

Belu lalira. Ayi, ndi Mayi Bríd, ali maso,
aona kuwala kwa foni pachibwano changa.
"Ukuwerengetsa ndalama, mwana iwe.
Nkhope imeneyo ndimaidziwa."
Akuti bambo awo ankakumba misewu ku Birmingham,
Lachisanu lililonse mapaundi m'envelopu,
okulungidwa m'kalata ya mizere itatu.
Mayi awo ankayamba aiunika panyale
asanaing'ambe,
kuona ngati njira sinadyeko.

"Nanga anabwerako?" ndafunsa.
Akonza bulangete ndi zala zonjenjemera.
"Ndalama zinkabwera," atero,
n'kutembenukira kukhoma.

Kota pasiti faifi. Yuro yakwerako pang'ono,
pang'ono ngati mpweya wa munthu wogona.
Ndawerenga kawiri manambala a Enelesi,
chifukwa nambala imodzi ikaphonya
mlendo wina adya Khirisimasi mu Malichi.
Odula adula mayuro awiri okha.
Ndadina.

Mphindi ziwiri, ndalama yawoloka nyanja,
yadutsa chipululu, palibe woifunsa chiphaso.
Ine chaka chachisanu ndi chimodzi chino
ndikadali pamzere wa mapepala.

Msaiwale ndinamusiya akuguluka mano.
Sabata yatha pafoni ndinati, "Ndani uyu?
Mpatseni mwana wanga."
Anaseka ndi mawu abesi: "Ndine, amayi."
Msonkho umenewo palibe kamsika kamene kamauonetsa,
sulembedwa pa lisiti,
ndipo sindinapeze kotchipa.

Foni yanjenjemera m'thumba la yunifolomu.
"Zafika zonse. Mulungu akudalitseni.
Koma feteleza wakweranso."

Kunja basi yoyamba yadutsa yopanda munthu.
Ndasamba m'manja, ndavala magolovesi.
Bambo Considine akuitana Nuala wawo,
ndipo ine ndayankha.