Mawu Atatu ku Kutaisi

Bambo anga, a Varlam, ankaopa lumo.
Ankameta ndevu ngati munthu wowoloka Rioni pa thabwa limodzi,
mpweya ataugwira, maso ali tcheru.
Tsiku lina dzino litazulidwa
magazi anadontha masiku anayi osaundana,
amayi akuchapa matawulo usiku, osayankhula.

Dokotala Mzia anandijambulira zonse kuseri kwa bilu ya magetsi.
Mkazi ali ndi X ziwiri, anatero, mwamuna X imodzi ndi Y.
Himofiliya imakwera pa X.
Bambo wodwala amapatsa mwana wamwamuna Y, nthendayo n'kutsala.
N'chifukwa chake mlongo wako Gocha amaswa nkhuni osaopa nkhwangwa.
Koma mwana wamkazi amalandira X ya bambo ake, yokhayo imene ali nayo.
Iwe unalandira. X ya mayi ako ndiyo ikukuphimba.
Mwana aliyense wamwamuna amene ungabereke
ndi khobidi loponyedwa m'mwamba.

Ndinaponya kawiri.
Badri amagwa mumtengo wa mapeyala n'kudzuka akuseka.
Temo anangogunda mwendo wa tebulo,
bondo linafufuma ngati mtanda wa buledi pafupi ndi moto.

Lachisanu m'mawa ndinali pawindo lachinayi.
Mankhwala ali m'njira, mayi, mubwere Lolemba.
Njira yanji yosafika, miyezi itatu?
Pakhoma nkhope za ofuna mavoti zamatidwa ina pamwamba pa inzake,
mvula yazinyowetsa mpaka zonse zafanana mano.
Uyu analonjeza, uyo analumbira atagwira pamtima,
wachitatu anabwera ndi makamera kuwodi ya ana
n'kufunsa Temo ngati amakonda mpira.
M'firiji mwanga mwatsala timabotolo tiwiri
pakati pa tchizi ndi mazira.

Madzulo ake tinapitabe kuholo ya pafupi ndi fakitale yakale.
Ndinamukhazika kukhoma, ine kunjira,
kuti bondo la munthu wodutsa ligunde langa.

Anatuluka amuna atatu, opanda ng'oma, opanda gitala,
mmodzi jekete likumukana pamimba.
Woyamba anaponya mawu m'mwamba, opyapyala ngati waya,
wachiwiri anawawakha asanagwe,
wachitatu anatsegula chifuwa, pansi ponse panachita kunjenjemera.
Mawuwo anakhulana, anakanizana ngati abale pamaliro,
kenako, sindikudziwa kuti zinatheka bwanji,
anagwirana.
Mayi wina kutsogolo kwathu anavula magalasi.
Ine ndinaiwala kuwerenga timabotolo, mwina mphindi zisanu ndi ziwiri.

Mkulu wa kuofesi analowa nyimbo ili pakati,
anthu anamupatukira, mpando unali utamudikira kale.
Foni yake inawala m'manja mpaka kumapeto.
Anawomba m'manja koyambirira kuposa tonse.
Ndinafuna kuimirira, kutchula windo lachinayi mokweza,
koma Temo anali atatseka maso,
akuyesa kutsata mawu apansi aja ndi kakhosi ka zaka khumi ndi chimodzi.
Ndinameza.

Pobwerera, pa masitepe onyowa, ndikumugwira chigongono,
anafunsa: Ana anga adzakhala ngati ine?
Aamuna ayi, ndinatero. Aakazi adzasunga, ngati ine.
Anaganiza mpaka pa nyale yachitatu.
Ndiye kuti imakhala chete kaye,
ngati wa jekete uja, podikira polowera pake.

Sindinamuyankhe. Pakona galu anauwa,
Badri anadumpha chithaphwi, n'kudumphanso chachiwiri.
Kunyumba ndinatsegula firiji osafuna kanthu,
ndinaimirira m'kuwala kwake kozizira.
Tiwiri.
Ndinatchera wotchi ya Lolemba pa faifi koloko,
chifukwa pawindo lachinayi wofika sikisi amapeza mzere utakhota kale.