Mitolo Iwiri ya Makadi

Ndine wa positi m'chigwa chino cha ku Wales.
Zaka makumi awiri ndi chimodzi ndakhala ndikuponya makalata
m'timabokosi tomangidwa ndi waya pazipata za nkhosa.
Sabata ino ndanyamula makadi oitanira anthu kukavota
ndipo koyamba ndawamanga mitolo iwiri:
wina wa kumanja kwa msewu,
wina wa kumanzere.

Akuti a komiti ya malire, kutali kumzinda,
anawerenga mitu yathu napeza kuti yaperewera.
Sananame. Ana anapita kukasaka ntchito,
sukulu inasanduka nyumba ya alendo a tchuthi.
Ndiye dera lathu aling'amba ngati malaya akutha,
chigamba ichi achisokera ku tauni ya kugombe,
icho ku mapiri a kum'mawa.
Pensulo yawo inatsata mtsinje bwinobwino,
itafika pamlatho inatopa ndi madzi
n'kudumphira mumsewu wanga.

Gethin Prydderch anandidikira pachipata, mvula ili waa,
galu wake wa miyendo itatu atam'tsamira bondo.
Khadi analitembenuza, nalitembenuzanso.
"Nyumba ili kuno, khola lili uko.
Ndiye m'mawa uliwonse, ndowa kumanja,
ndizidzuka kwa phungu wina n'kukakama kwa mnzake?
Nanga mlathowu ukadzagwa ndidzalembere uti?"
Ndinaloza injini, ngati ikundiletsa kumva.

Tsidya la msewu kuli mlongo wake, Eirlys.
Anabadwira chipinda chimodzi anthu awiriwa,
anakangana za mpanda zaka zisanu ndi zitatu
mpaka anatopa, nagwetsa mpandawo.
Lero wabwerera wina, wopanda nsanamira,
woti sungaugwetse ndi nyundo.
Lachinayi adzakwera thirakitala imodzi kupita kuholo ya tchalitchi,
pakhomo adzasiyana: matebulo awiri, mabokosi awiri.
Mnyamata wofuna voti ya Eirlys anabwera kamodzi
nsapato zake zili mbee,
lilime linamupunthwa pa dzina la mudzi wathu,
anaseka yekha.

Manda a makolo awo agwera kumanzere.
Akufa savota, choncho sanafunsidwe.

Pokhota pa thanthwe ndinaima:
nkhosa makumi anayi zinali kuwoloka,
kuchoka dera lina kulowa lina, osayang'ana n'komwe,
yomalizira inaima pakati penipeni pa phula
n'kukodza.

Madzulo m'thumba munatsala khadi limodzi.
Ndinaliwerenga pansi pa nyali ya m'galimoto:
Mererid Bevan, kanyumba ka pamlatho.
Ndine.
Khitchini yanga imapenya mtsinje, khomo limapenya msewu,
ndipo andipereka ku gombe
kumene ndinapitako kawiri, kukazula dzino.

Ndinatsika, ndinaliponya m'bokosi langa lomwe
monga lamulo la ntchito linenera,
ndinazungulira kuseri, n'kulowa,
n'kulitola pamphasa ya pakhomo
ngati nkhani yondidzidzimutsa.