Sizasi M'thumba la Ofelia

Anabwera naye usiku woyamba wa chipale chofewa,
thalakitala itamugwera m'munda wa mbatatesi kunja kwa Rexburg,
nthiti zitatu zitathyoka,
mpweya ukutuluka ngati mluzu.
Ine sizasi m'manja, monga anatiphunzitsira:
dula, usafunse, nsalu imagulidwanso.
Ndinadula jekete. Ndinadula shati ya mandalasi.
M'kati munali china, choyera, chopyapyala,
cha tizizindikiro tosokedwa pachifuwa.
Nachonso khee! n'kuchiponya pansi
pamodzi ndi thonje la magazi.

Darlene, amene wakalambira mu wodi ino,
sanandikalipire.
Anawerama pakati pa miyendo ya madokotala,
anachitola, anachipinda chodukaduka chomwecho,
n'kuchiika m'thumba loyera la pepala.
"Ichi sichigona pansi," anatero motsitsa mawu.
"Ndi pangano la Mmormoni ndi Mulungu wake,
analivalira m'kachisi.
Mkazi wake akudziwa chochita nacho."

Dzanja langa linathawira pakhosi,
pa kamendulo ka Maria kamene mayi anandiveka
tisanachoke ku Zacatecas.
Wina atakaponda ndi nsapato?

Cha m'ma fili koloko ndinapeza Mayi LaRue pabenchi,
chikhoto cha mwamuna wawo pamaondo.
Ndinawapatsa khofi, chifundo chokhacho chimene makina a pakhonde amagulitsa.
Anafumbatira kapu ndi manja awiri.
"Ife sitimwa, mwanawe.
Koma kutenthaku ndikusunga."
Ndinabwerera kukafuna koko, makutu akuyaka.

Kusanache kunafika amuna awiri,
wina matope a kumunda ali kunsapato,
wina ndinamudziwa, ndi amene anandizula dzino chaka chatha.
Mafuta a olivi anali m'kabotolo kochepa ngati chala cha khanda,
kolendewera pamakiyi a galimoto.
Anapempha mphindi zisanu.
Ine jakisoni ali m'manja, nthawi yake itakwana.
Ndinayang'ana manambala obiriwira pamakina:
akanatha kudikira.
Ndinasuntha chingwe cha mpweya kuti manja apeze pokhala,
ndinakoka katani, n'kuima kunja.

Dontho limodzi padazi, ndinaliona pampata.
Manja anayi.
Kenako dzina lonse, Verl Eldon Klingler,
osati bedi namba sikisi, osati wa thalakitala uja.
Zotsalazo sizinali za makutu anga.
Mnyamata wotenga magazi atabwera ndi ngolo yake yolira
ndinamubweza ndi chikhatho,
ine mlonda wa pemphero la eni ake.

Sindikudziwa chimene chinagwira ntchito.
Dokotala Oyama akuti ndi paipi ya m'chifuwa.
Mayi LaRue amangomwetulira.
Ine ndinalemba m'faelo: wodwala wagona bwino.

Tsiku lachitatu anatsegula maso.
Sanafunse madzi.
Zala zake zokhakhala zinayendayenda pachifuwa
ngati munthu wofufuza chikwama m'basi,
ndipo nkhope inagwa.
"Ndili maliseche," anatero,
ali mu gauni yathu yabuluu, mabulangete awiri pamwamba.

Chatsopano chinali kale m'chikwama cha mkazi wake.
Panatsala zingwe: ya diripi, ya mtima, paipi ija ya m'nthiti.
Tinatseka chitseko.
Darlene anakweza phewa, ine ndinalowetsa botolo la diripi pamkono wa chovala,
pang'onopang'ono, ngati ulusi pasingano,
Mayi LaRue akukokera nsalu kumsana.
Zinatitengera theka la ola.
Belu la chipinda china linalira kawiri.
Atavala anapuma mpweya wautali,
wautali kuposa umene nthiti zothyoka zimalola,
n'kufunsa ngati mbatatesi zinakumbidwa zonse.

Sizasi ndikadali nayo, m'thumba lakumanja.
Wina akadzabwera akutha mpweya ndidzadulanso,
sindidzapepesa, moyo suyembekeza mabatani.
Kungoti dzanja lamanzere
laphunzira kuwakha.