Mboni Yanga Inakalamba

Kuseri kwa shopu ya a Cotterill ku Walsall,
kumene zenera limapenya ngalande ya madzi a ndere,
ndimakhala ndi mulu wa madalaivi
ozulidwa m'makompyuta a sukulu ina yomwe inatsekedwa.
Ntchito yanga ndi kugamula milandu:
yamoyo pashelefu,
yakufa m'bokosi pansi pa tebulo.

Ya flopi sibisa matenda.
Ndimailumikiza lamba wa mawaya,
mzere wofiira kumbali yake yoyenera,
pakuti ukautembenuza kanyali kamangoyaka osaphethira
ngati mwana amene wamva bodza.
Ndikankha diski, khatsa!
Khutu pachitsulo.
Mutu ukakwekwereza kupita, kubwerera poyambira,
ndiye kuti miyendo ilipo;
chatsala n'kuona ngati imadziwabe kuwerenga.

Ya sidi ndi yamatama.
Imatulutsa lilime mwaulesi, kumeza, kuganiza kaye,
kenako fiii, kuzungulira ngati ikufuna kuuluka.
Zina lamba wa mkati anafwifwa kalekale,
ndimazitsegula pakamwa ndi kawaya kowongola.
Zina kadiso ka leza kachita ng'ala ya fumbi la choko;
thonje, dontho la sipiriti,
kamapenyanso.

Mboni yanga inali imodzi:
sidi yomwe ndinailemba ndekha ndi peni yakuda
chaka chomwe ndinayamba ntchito, YABWINO.
Ikalowa n'kuwerengeka mpaka kumapeto, dalaivi yapulumuka.
Ikakana, mlandu watha.
Zaka zisanu ndi chimodzi sindinaifunsepo kanthu.

Lachitatu lija la mvula yamawawa
madalaivi asanu ndi awiri anakana motsatizana.
Kamzere ka pasikirini kamayenda bwinobwino,
kupitirira theka pang'ono, n'kuima njo.
Ine mtanda wofiira, m'bokosi.
Mtanda, m'bokosi.
Ndinayamba n'kuimba komwe, ntchito ikuyenda.
Masana mnyamata wosesa anakakhuthula bokosilo
m'chibini chachikulu cha kubwalo.

Gurdip ndiye anaima kumbuyo kwanga ndi makapu awiri a tiyi,
n'kuwerenga kope langa mozondoka.
Anati, onsewa afera pamalo amodzi?
Sanaonjezere mawu. Anasiya kapu, n'kumapita.

Ndinatembenuza mboni pansi pa getsi.
Poyamba sindinaone kanthu.
Ndinavula magalasi, kupukuta, kuvalanso,
ndipo kanali pomwepo, kachipsera kochepa ngati tsitsi limodzi,
kozungulira motsata njira ya leza.
Asanu ndi awiri aja ananena zoona.
Amene ananama ndi amene ndinkamukhulupirira.

Simunandione ine, mayi wa zidzukulu ziwiri,
nditaponda pakileti ya mkaka,
mimba pamlomo wa chibini, miyendo m'malere,
ndikufukula makiyibodi othyoka mano
mvula ikulowa m'khosi mwa juzi.
Woyendetsa bwato pangalande anandikwezera chipewa.
Ndinapeza asanu ndi imodzi.
Yotsalayo inali itaphwanyidwa ndi sikirini yakale,
lilime panja, yosalakwa.

Anagona pachotenthetsera chipinda mpaka Lolemba.
Ndi sidi yatsopano, asanu anawerenga mpaka kumapeto;
imodzi madzi anailowa, ndinaipha ndine.
Mitanda yofiira ndinaifufuta ndi sipiriti yemwe uja
koma imaonekabe ukapendeketsa.

Tsopano mboni ndili nazo zitatu
ndipo Lolemba lililonse zimayesedwa zokha poyamba.
Yakale ija sindinaitaye.
Imakhala pansi pa kapu yanga,
mawu aja akadali pamwamba, tiyi atawadya mbali imodzi.

M'thumba la jekete muli kalata
yochokera kwa opima maso a mumsewu wa Park,
yakhalamo sabata yachitatu, yopindikapindika.
Ndinkati maso angawa ndimawadziwa ndine.
Mawa ndipempha a Cotterill ola limodzi.